ACHINYAMATA A MPINGO NDI UMOYO WA MUDZI: PHUNZIRO LOCHOKERA KU CHEMBE

Mudzi wa Chembe uli m'mphepete mwa nyanja ya Malaŵi m'boma la Mangochi, kuseri kwa mapiri a ku Monkey Bay, moyang'anana ndi zilumba za Thumbi ndi Domwe. Alendo amautcha Cape Maclear, dzina limene David Livingstone anapatsa malowa polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear. Ambiri amaudziwa mudziwu chifukwa cha usodzi, ndiponso chifukwa cha tinsomba ta mbuna timene anthu a maiko akutali amabwera kudzaona m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, limene linakhazikitsidwa mu 1980.

Koma mudziwu uli ndi mbiri inanso imene tonse tiyenera kuidziwa. Pano ndi pamene mishoni ya Livingstonia inayambira ntchito yake mu 1875, ndipo pano pomwe ndi pamene matenda a malungo, likodzo ndi kutsegula m'mimba akhala akusautsa anthu kwa zaka zambiri. Mbiri imeneyi ili ndi phunziro kwa anyamata ndi atsikana a m'mipingo yathu amene amafunsa kuti: kodi chikhulupiriro changa ndingachionetse bwanji kwa anzanga? Yankho limene Chembe akupereka ndi lakuti anthu amayamba kuona zimene mukuchitira thupi la mnzanu, kenaka ndi pamene amatchera khutu ku mawu anu.

ANABWERA ALI ANYAMATA

Pa 12 Okutobala 1875 sitima yaing'ono yotchedwa Ilala inalowa m'nyanja ya Malaŵi kuchokera mu mtsinje wa Shire. Sitimayi inali itaphwasulidwa ndi kusenzedwa pamutu ndi anthu mazanamazana kuti ilambalale mathithi a Shire, kenaka nkumangidwanso. Mtsogoleri wa ulendowo anali E. D. Young, ndipo m'gulumo munali dotolo wa ku Scotland, Robert Laws, amene anali ndi zaka 24 zokha. Mfumu Mponda itawalola kukhala m'dziko lake, iwo anasankha gombe la Cape Maclear chifukwa linali ndi doko labwino lotchingidwa ku mphepo ya mwera.

Chaka chotsatira, mu 1876, kunafikanso anyamata anayi achikuda ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa. Maina awo ndi William Koyi, Shadrach Ngunana, Mapassa Ntintili ndi Isaac Wauchope. Iwowa anadzipereka okha kusiya kwawo ndi kudzagwira ntchito pakati pa anthu amene sanali a mtundu wawo. Ngunana anali kuphunzitsa ana pa sukulu ya mishoni, pamene Koyi anadzakhala mkhalapakati wodalirika pakati pa amishoni ndi Angoni a kumpoto.

Pa masiku oyambawo Dr Laws sankatha kuyankhula bwino chiyankhulo cha anthu a kunyanja, choncho ulaliki wake sunkapita patali. Chimene chinayankhula m'malo mwake ndi ntchito ya manja ake. Mu 1876 iye anagoneka munthu wodwala ndi mankhwala a chloroform nkumuchotsa chotupa chimene chinali pafupi ndi diso. Wodwalayo anadzuka osamva kuti wachekedwa, ndipo mbiri ya zimenezi inawanda m'midzi yambiri. Anthu amene sakanabwera kudzamva ulaliki anayamba kubwera ndi zilonda zawo, ndipo atathandizidwa anafuna kudziwa chimene chinachititsa mlendoyo kusamalira anthu osawadziwa.

MANDA ASANU NDI MKHRISTU MMODZI

Ntchitoyo inali ndi mtengo wowawa. Mu 1877 Dr William Black anamwalira asanathe ndi chaka chomwe pamalopo, ndipo m'chaka chomwecho Shadrach Ngunana anamwaliranso. Mu 1880 kunatsatira John Gunn ndi George Benzie, amene anali woyendetsa sitima. Pofika mu 1881 pa mishoniyo panali manda asanu, ndipo ambiri mwa iwo anatengedwa ndi malungo. Mandawo alipo mpaka lero pafupi ndi mudzi wa Chembe.

M'zaka zonsezo munthu mmodzi yekha ndi amene anabatizidwa. Dzina lake ndi Albert Namalambe, mnyamata wa pa sukulu ya mishoni, amene anabatizidwa pa 27 Malichi 1881. M'chaka chomwecho amishoni anasamukira ku Bandawe pothawa matenda, ndipo pambuyo pake, mu 1894, anakakhazikika ku Khondowe. Pochoka anasiya sukulu ndi mapemphero a ku Cape Maclear m'manja mwa Namalambe. Iye sanadikire kuti akule kapena kuti apatsidwe udindo waukulu. Anapitiriza kuphunzitsa ana ndi kusonkhanitsa anthu, ndipo ntchitoyo sinafe.

Pa mbiri imeneyi tikuphunzirapo zinthu ziwiri. Choyamba ndi chakuti ntchito ya Mulungu pa gombe limeneli inayambidwa ndi kusungidwa ndi achinyamata. Chachiwiri ndi chofunika kwambiri kwa ife a zaumoyo. Anthu amene agona m'manda aja sanamwalire chifukwa chochepa chikhulupiriro, pakuti anali anthu opemphera usana ndi usiku. Anamwalira chifukwa pa nthawiyo panalibe munthu wodziwa gwero la malungo. Ambiri ankaganiza kuti matendawa amachokera mu mpweya woipa wa m'madambo. Munali mu 1897 pamene dotolo wina, Ronald Ross, ali ku India, anapeza kuti tizilombo ta malungo timayenda ndi udzudzu. Nzeru imene iwo analibe ife tili nayo, ndipo ikupezeka kwaulere pa chipatala chilichonse cha boma. Mkhristu wachinyamata amene waimva nzeru imeneyi nkuisunga yekha akufanana ndi munthu amene waona ng'ona padoko koma osachenjeza anzake okatunga madzi.

UDZUDZU NDI NETI

Malungo akupitirira kupha ana aang'ono m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. Udzudzu umene umafalitsa matendawa umaluma makamaka usiku, ndipo ndi chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo umagawa maneti onyikidwa m'mankhwala kwa amayi oyembekezera ndi ana. Mu 2019 dziko la Malaŵi linakhala loyamba pa dziko lonse kupereka katemera wa malungo kwa ana kudzera ku sikelo, ndipo Mangochi anali limodzi mwa maboma oyambirira. Katemerayu amachepetsa malungo oopsa, koma salowa m'malo mwa neti. Mwana wolandira katemera ayenera kugonabe m'neti usiku uliwonse.

Chomvetsa chisoni ndi chakuti maneti ambiri safika pamphasa. Ena amawasokerera pamodzi nkukakokera tinsomba m'mbali mwa nyanja, ena amayanikapo usipa, ndipo ena amatchingira mbewu zakudimba. Bambo amene watenga neti ya mwana wake kupita nayo kunyanja wagulitsa moyo wa mwanayo ndi ndiwo za tsiku limodzi. Apa ndi pamene mnyamata wachikhristu ayenera kuonetsa kusiyana kwake. Anzake akamuitana kuti akakoke neti ya udzudzu, iye akane mwaulemu ndi kunena chifukwa chake. Akaona mwana wa mnansi watentha thupi, alimbikitse makolo kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akayezedwe magazi. Ngati mayi alibe womuthandiza kubereka mwanayo, iye abwereke njinga nkuwaperekeza. Mwana akapatsidwa mankhwala a LA, amalize onse a masiku atatu ngakhale ataoneka kuti wachira.

LIKODZO SI CHIZINDIKIRO CHA KUKULA

Matenda ena amene mudzi wa Chembe wadziwika nawo ndi likodzo. Akatswiri amene anayeza ana m'masukulu a m'mbali mwa nyanja m'dera limeneli anapeza kuti ana oposa theka anali ndi matendawa. Popeza kukodza magazi kwafala motere, pali ena amene amaganiza kuti ndi chizindikiro chakuti mnyamata akukula. Maganizo amenewa ndi olakwika ndithu.

Likodzo limayenda motere. Munthu wodwala akakodza m'nyanja kapena m'thamanda, mazira a tinyongolotsi amene ali mu mkodzo wake amaswa m'madzimo. Tizilombo totuluka m'mazirawo timalowa mu nkhono zazing'ono za m'madzi, m'mene timaswana kwa milungu ingapo. Kenaka timatuluka tambirimbiri nkumasambira, ndipo timaboola khungu la aliyense amene akusamba, kuchapa, kutsuka mbale kapena kukoka khoka. M'thupi timakula nkukhazikika m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, ndipo mazira ake ndi amene amavulaza chikhodzodzocho mpaka munthu kukodza magazi. Mwana wa likodzo amachepa magazi, amafooka ndipo sakhoza bwino m'kalasi. Matendawa akakhalitsa amaononga impso, ndipo angathe kuyambitsa khansa ya m'chikhodzodzo. Kwa amayi amabweretsa zilonda m'njira ya chiberekero, kusabereka, ndiponso amatsegula khomo ku kachilombo ka HIV.

Akatswiri monga Jay Stauffer ndi Henry Madsen, amene anafufuza nkhaniyi pa gombe la Chembe kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti m'nyanja muli nsomba zimene chakudya chake ndi nkhono. Nsomba zimenezi zitachepa chifukwa cha makoka a maso aang'ono okokedwa m'madzi osaya, nkhono zinachuluka ndipo likodzo linakula. Choncho neti ya udzudzu ikalowa m'nyanja imalakwa kawiri: mwana amalumidwa ndi udzudzu kunyumba, ndipo tinsomba timene tikanadya nkhono timatha tisanakule.

Mankhwala a likodzo alipo, dzina lake ndi praziquantel, ndipo amaperekedwa molingana ndi msinkhu kapena kulemera kwa munthu. Ayenera kumwedwa munthu atadya, chifukwa pamimba yopanda kanthu amachititsa chizungulire ndi mseru. Alangizi a zaumoyo akabwera kudzagawa mankhwalawa pa sukulu, makolo ena amabisa ana awo chifukwa cha mphekesera zabodza. Achinyamata a mpingo angathe kuthetsa mantha amenewa mosavuta. Iwo ayambe kumwa mankhwalawo anthu akuona, ndipo akumbutse makolo kuti ana adye phala asanapite ku sukulu tsiku limenelo. Akumbutsenso anthu kuti mankhwala amachiza koma sateteza: munthu wochira akalowanso m'madzi a nkhono amadwalanso. Madzi osamba otungidwa kunyanja akakhala mu ndowa masiku awiri, tizilombo ta likodzo timafa tokha.

CHIMBUDZI NDI UMBONI

Kuyambira mu Malichi 2022 mpaka mu 2023 dziko lathu linakumana ndi mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri yake. Anthu oposa 1,700 anamwalira, ndipo Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anakhudzidwa kwambiri. Kolera, monganso kamwazi, amafala pamene chimbudzi cha munthu wodwala chafika m'madzi akumwa kapena m'chakudya. M'madoko a asodzi, m'mene anthu ambiri amagona pamchenga popanda zimbudzi zokwanira, matendawa amathamanga ngati moto wolusa.

Nkhani ya chimbudzi ena amaiona ngati yosayenera kukambidwa m'tchalitchi. Komatu Baibulo lenilenilo, m'buku la Deuteronomo mutu 23, linalamula Aisraele kukhala ndi malo apadera kunja kwa msasa ndi kukwirira zonyansa zawo. Ukhondo unali gawo la chipembedzo chawo. Nanga ife tichitirenji manyazi?

Kukumba chimbudzi pamchenga ndi ntchito yovuta chifukwa dzenje limagumuka. Limafunika kumangidwa ndi njerwa m'kati, kapena kuikamo nsungwi zolukidwa ngati nkhokwe, ndipo litalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30. Agogo okhala okha, amayi amasiye ndi anthu olumala sangathe ntchito yotereyi. Koma mutu umodzi susenza denga. Gulu la kwaya la anyamata ndi atsikana khumi lingathe kumaliza chimbudzi chimodzi Loweruka limodzi, nkuikapo chivundikiro ndi mpondagiya wosambira m'manja. Gogo amene wamangiridwa chimbudzi sadzafunanso womuuza kuti ana amenewa ndi a mpingo uti, ndipo adzauza mudzi wonse.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwa madzimadzi, chimene chimamupha ndi kutha kwa madzi m'thupi. Mpatseni Thanzi ORS nthawi yomweyo. Ngati palibe, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, ndipo azimwa pang'onopang'ono muli pa ulendo wa kuchipatala. Madzi akumwa awiritsidwe kapena athiridwe mankhwala a kulorini, ndipo mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe. Pa maliro a munthu womwalira ndi kolera, achinyamata amene amaimba pa siwa ndi kukumba manda athandize anamfedwa kumvera malangizo a azaumoyo, osasambitsa thupi ndiponso osaphika chakudya cha gulu. Kutero si kunyoza malemu. Ndi kuteteza ana amene malemuyo wasiya.

PEMPHERO NDI MANKHWALA SIZILIMBANA

Masiku ano kwabuka alaliki ena amene amauza odwala kuti ataye mankhwala chifukwa awapempherera. Ena amaletsa ana kulandira katemera. Anthu ambiri amene anasiya kumwa ma ARV atauzidwa kuti achira anadwalanso, ndipo ena anamwalira. Boma lakhala likupereka mankhwalawa kwaulere kuyambira mu 2004, ndipo munthu wowamwa mokhulupirika amakhala ndi moyo wautali, amagwira ntchito zake ndi kulera ana ake.

Kumbukirani Dr Laws. Iye anali mbusa ndiponso dotolo, ankapemphera ndi odwala ake nkuwapatsanso kwinini, ndipo anatumikira m'dziko lino zaka 52 mpaka mu 1927. Zipatala zambiri za m'dziko muno zinamangidwa ndi mipingo, monga chipatala cha St Martin's ku Malindi, tsidya lina la nyanja, chimene ndi cha mpingo wa Anglican. Makolo athu m'chikhulupiriro sanaone kutsutsana pakati pa guwa ndi chipatala. Tsono wachinyamata wopita kukazonda wodwala apemphere naye, akatha amufunse ngati wamwa mankhwala a tsikulo ndiponso tsiku limene akuyenera kubwerera kuchipatala.

M'madoko a nsomba muli mayesero ambiri. Ndalama zimabwera usiku umodzi nkutha usiku womwewo pa mowa, ndipo nsomba zikasowa pali asodzi ena amene amafuna kugona ndi amayi ogula nsomba asanawagulitse. Mchitidwe umenewu wafalitsa HIV m'mbali monse mwa nyanja. Mnyamata wachikhristu wokwera bwato amene amagulitsa nsomba zake pa mtengo woyenera, osafuna china, akulalikira kwa anzake onse a m'bwatomo ngakhale asatsegule pakamwa. Mnyamata ndi mtsikana amene akufuna kumanga banja apite limodzi kukayezetsa magazi. Ndipo mnzawo akapezeka ndi kachilombo asamusale kapena kumunena m'mapemphero a pagulu. Chinsinsi cha wodwala chisungidwe, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

MATENDA SAFUNSA CHIPEMBEDZO

M'boma la Mangochi Akhristu ndi Asilamu amakhala moyandikana, amatunga pa mjigo umodzi ndi kukwera bwato limodzi. Udzudzu ndi nkhono sizisankha wa kutchalitchi kapena wa kumzikiti. Chimbudzi chimodzi chosowa pa mudzi chimadwalitsa onse. Fanizo la Msamariya wachifundo, limene lili mu Luka mutu 10, likunena za munthu amene anatsuka mabala a mlendo wa mtundu wina osamufunsa kumene amapembedza. Momwemonso achinyamata a mpingo athandize aliyense wosowa, osaika lamulo lakuti wothandizidwayo ayambe walowa mpingo wawo. Chithandizo chokhala ndi msampha m'kati anthu amachizindikira msanga, ndipo chimanyozetsa uthenga umene mwanyamula. Ndi bwino kuitana achinyamata a kumzikiti kuti mugwirire limodzi ntchito ya ukhondo, mutadziwitsa amfumu, abusa ndi mashehe.

Munthu akakufunsani chifukwa chimene mukuchitira zonsezi, pamenepo muuzeni za chikhulupiriro chanu momasuka, mofatsa ndi mwaulemu. Funso lotere limabwera lokha pamene ntchito yaoneka.

POYAMBIRA MWEZI UNO

Mudzi wa Chembe unakhala zaka zambiri wopanda chipatala, mpaka mu 2004 pamene mayi wina wa ku Ireland, Mags Riordan, anatsegula chipatala pokumbukira mwana wake Billy amene anamira m'nyanja pamalopo mu 1999. Koma ngakhale chipatala chikhale pafupi, madotolo ndi anamwino sangafike pakhomo lililonse. Amene amafika paliponse ndi achinyamata. Gulu lanu, kaya ndi la kwaya, la mphakati kapena la SCOM pa sukulu, lingathe kuyamba motere:

1. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndi kumupempha kuti adzakuphunzitseni za malungo, likodzo ndi kolera, kuti zimene mukauze anthu zikhale zoona.

2. Mutapempha chilolezo kwa amfumu ndi komiti ya zaumoyo ya m'mudzi, lembani makomo a okalamba ndi olumala amene alibe chimbudzi, thandala kapena dzala la zinyalala, ndipo muzithandiza khomo limodzi Loweruka lililonse.

3. Yang'anani poyamba kwanu. Neti yanu ikhale yopachikidwa, chimbudzi chanu chikhale ndi chivundikiro, ndipo inu eni musakodze m'nyanja.

4. Pemphani abusa kapena akulu a mpingo kuti pa zolengeza za Lamulungu azitchula tsiku la sikelo, la katemera ndi la mankhwala a likodzo.

5. Sankhani awiri m'gulu lanu amene mudzi ungawadzutse usiku pakakhala wodwala kapena mayi woyembekezera wofunika kupita kuchipatala.

Inu amene mukuwerenga nkhaniyi muli pa benchi la chipatala, ngati muli ndi mwana kapena mdzukulu wa m'gulu la achinyamata, kamuwerengereni mukafika kunyumba. Ndipo inu makolo ndi akulu a mpingo, musawanyoze ana amenewa kuti ndi aang'ono. Apatseni makasu, njerwa ndi mpata woyankhula, kenaka mupite mukaone zimene achita.